Moto Wolusa pa Chidikha cha Kasungu

Chaka ndi chaka, mvula ikaleka ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, thambo la kwa Njombwa ndi madera oyandikana nawo limayamba kuchita utsi, umene umanka nukulirakulira kuyambira mwezi wa Julayi kufikira tsiku limene chizimalupsa chidzagwe. Ndipo munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, akawoloka mtsinje wa Bua madzulo a mu Okutobala, amaona mizere ya moto ikukwawa m'madambo, m'masala ndi m'malire a maesiteti a fodya, popanda ndi mmodzi yemwe woima pafupi kuti auwongolere. Popeza maso athu anazolowera zimenezi kuyambira ubwana, sitiuwerengera motowu pamodzi ndi chilala, kusefukira kwa madzi kapena namondwe. Komatu chimene chimadya dziko pang'onopang'ono chaka chilichonse chikhoza kulisaukitsa koposa chimene chimalikantha kamodzi pa zaka khumi.

Funso lake ndi lotani

Tiyambe ndi kusiyanitsa mitundu iwiri ya moto, pakuti kuiphatikiza ndiko kwasocheretsa ambiri. Pali moto wa ntchito, umene munthu amayatsa akudziwa chimene akufuna kutentha, malire amene motowo ulekezere, ndi nthawi imene adzauzime; wotere ndi moto wa mlimi wotentha mapesi pa mabedi a nazale ya fodya, kapena wa mlonda wa nkhalango wotentha udzu m'mphepete mwa mitengo yake. Palinso moto wolusa, umene ukangochoka m'dzanja la wouyatsa sudziwanso mwini, koma umatsata mphepo ndi udzu kufikira utapeza mtsinje, msewu waukulu kapena lupsa la dzana. Za umenewu akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire.

Choncho funso lili patatu: kodi moto wa m'tchire uletsedwe kotheratu, kapena uloledwe pa nyengo yake, ngati uloledwa, alamule nyengoyo ndani, ndipo ukalumpha malire nuwononga za mnansi, mlandu ugwere yani. Si funso la Kasungu yekha ayi. Zithunzi zojambulidwa ndi masetilaiti zimaonetsa kuti pa magawo 10 a malo onse amene amapsa pa dziko lapansi chaka chilichonse, pafupifupi 7 ali mu Africa muno, ndipo nkhalango za miombo zoyambira ku Angola, kudutsa Zambia ndi Malawi, kukafika ku Mozambique ndi Tanzania, zili m'gulu la malo opsa kawirikawiri. Mphezi sitingaikankhire mlandu, chifukwa kuno imabwera pamodzi ndi mvula; moto wa m'chilimwe umayatsidwa ndi anthu.

Mmene makolo ankauonera moto

Achewa akale sanali osadziwa ukali wa moto. Nthano ya ku Kaphirintiwa imasimba kuti poyambapo Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mumtendere, kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Udzu unagwira, nyama zinathawira kutchire ndi mkwiyo, kupatula zina monga galu ndi mbuzi zimene zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Anthu amene amaphunzitsa ana awo kuti moto ndiwo unapasula ubale woyambirira sakanausiya kuti aliyense aziuseweretsa mmene wafunira.

Wansembe wa Chikatolika wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anafufuza kwa zaka zambiri chipembedzo cha makolo m'dziko muno, analemba mu 1971 kuti kutentha tchire kunali kolumikizana ndi miyambo yopempha mvula, ndipo kuti nyengo yake inali m'manja mwa akuluakulu a dziko ndi osunga akachisi. Uzimba, kusaka kwa mudzi wonse, unali ndi mwini wake; anthu ankadziwitsidwa kuti ayambe amweta udzu wofolera, alambule kuzungulira nkhokwe ndi makola, ndipo moto sunkaloledwa kukhudza kumanda. Umboni wake ulipo mpaka lero, pakuti pa chidikha chimene chinayera mbee ndi minda ya fodya, msitu wa kumanda ndiwo umatsala uli gwaa, mitengo yake yaitali ndi ziyangoyango zake, monga chisumbu pakati pa nyanja.

Tisakometse zakale mopitirira. Moto wa uzimba kawirikawiri unali wa kumapeto kwa chilimwe, wotentha ndi wopha zambiri. Koma anthu anali ochepa, dziko linali lalikulu, ndipo tchire linali ndi mpata wochira. Choposa zonse, motowo unali ndi wouyankhira.

Nthawi ya atsamunda ndi phunziro la ku Ndola

Akatswiri a nkhalango amene anabwera ndi boma la Britain poyamba ankauona moto uliwonse ngati mdani, koma sipanapite nthawi yaitali asanazindikire kuti kuuletsa m'dziko la udzu wautali chonchi nkosatheka. Mu 1933, pafupi ndi Ndola m'dziko limene lero ndi Zambia, anapatula zigawo za nkhalango ya miombo nazisamala m'njira zitatu: zina ankazitentha chaka chilichonse kuchiyambi kwa chilimwe, cha mu Juni ndi Julayi, zina ankazitentha mu Okutobala, zina ankazitchinjiriza kuti moto usalowemo konse. Zotsatira zake, zimene C. G. Trapnell anafalitsa mu 1959, ndizo maziko a pafupifupi zonse zimene timadziwa pa nkhaniyi. Kumene ankatentha mochedwa, mitengo ya mtundu wa mombo, tsamba ndi mtondo inatha pafupifupi yonse, kunatsala udzu ndi mitengo yopirira moto monga mlombwa ndi muula. Kumene ankatentha mofulumira, nkhalango inakhalabe chiimire, mphukira zikukula. Ndipo kumene sankatentha, mitengo inathithikana, udzu nuchepa.

Kuno ku Kasungu, dera la kumadzulo linapatulidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, anthu atasamutsidwamo chifukwa cha nthenda ya kaodzera. Mu 1930 linakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 linasanduka Kasungu National Park. Ndondomeko ya nkhalango za m'midzi inayamba mu 1926. Koma malamulo a malimidwe, amene anakakamizidwa ndi chindapusa ndi ndende m'zaka za m'ma 1950, anasiya chilonda m'mitima ya anthu, ndipo ambiri anayamba kuona kusamala nthaka ndi mitengo ngati ntchito ya boma, osati yawo. Pamenepo ulamuliro wa moto unayamba kuchoka kwa eni dziko, koma boma silinakhale ndi maso okwanira kuti liugwire.

Chimene fodya anasintha

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malo aakulu a m'boma la Kasungu anaperekedwa pa lizi kwa eni maesiteti, ndipo miombo inagwa kuti fodya alowe. Fodya woochera m'mabani amadya nkhuni zambiri. Fodya wa bale, amene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima kuyambira mu 1990, amafuna mphanda, mikangala ndi udzu wa zigafa. Fodya amene amafika pa msika wa ku Chinkhoma amakhala atadya kale gawo lake la tchire.

Zotsatira zake pa moto zili pawiri, ndipo zimaoneka ngati zotsutsana. Kumbali imodzi, minda, misewu ndi midzi zinadula tchire m'zidutswa, kotero kuti moto umodzi sungayendenso mtunda wautali monga kale. Ofufuza anapeza mu 2017 kuti malo opsa pa dziko lonse anachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 pakati pa 1998 ndi 2015, makamaka chifukwa cha kufalikira kwa ulimi. Kumbali inayo, zidutswa zotsalazo, kaya dambo, kaya tsala, kaya kamunda ka bulugamu, zimapsa chaka chilichonse osapuma, ndipo zili pafupi ndi chuma cha anthu. Chigafa cha udzu chikagwira moto chimatha munthu asanabwere ndi ndowa yachiwiri.

Pali chachitatu, chimene mwa kuona kwanga ndicho chachikulu. Malo a lizi sali pansi pa nyakwawa monga malo a makolo. Mwini esiteti nthawi zambiri amakhala ku tauni. Matenanti, amene ambiri amachokera kutali, amabwera kudzalima nyengo imodzi kapena ziwiri, ndipo sangayembekezere phindu pa mtengo umene udzakule iwo atapita. Anthu a m'midzi yozungulira, amene minda ikuwachepera, amayang'ana malo ogona a esitetiyo ndi mtima wowawa. Pa malo otere palibe amene moto ukumuwawa mokwanira kuti adzuke usiku kukauzima.

Amayatsa ndani, ndipo chifukwa chiyani

Aliyense woyatsa moto ali ndi chifukwa chake, ndipo wofuna kuthetsa vutoli ayenera kuzimva zifukwazo asanaweruze. Taonani anyamata osaka mbewa m'mwezi wa Ogasiti: amafika pa munda wokolola kale ali ndi makasu ndi kagalu, amayatsa mapesi ndi udzu wa m'malire kuti mauna aonekere ndi kuti mbewa zothawa zisowe pobisala, amakumba, amatola kapuku ndi zinzake, nkumapita kukaziwamba, koma moto uja sautsatira, ndipo pamene iwo akuyala mbewa pa mpani m'mbali mwa msewu, motowo umakhala utawoloka kale minda itatu. Kwa banja limene silinalawe nyama mwezi wonse, mbewazo si masewera.

Abusa amatentha dambo kuti msipu uphuke msanga ndi kuti nkhupakupa zichepe. Mlimi pososa munda amaunjika zinyalala nazitentha, chifukwa kuzikwirira kumafuna mphamvu ndi nthawi. Ofula uchi amasiya chikuni pa tsinde la mtengo. Ootcha makala amasiya uvuni ukufuka. Opha nyama mozemba amatentha kuti aone patali. Ulipo ndithu moto wa chidani, woyatsidwa ndi munthu amene akuona kuti wadyeredwa masuku pamutu pa malipiro kapena pa malo. Ku Chikangawa, nkhalango ya paini ya pa mapiri a Viphya imene inafika mahekitala pafupifupi 53,000, moto wadala wakhala ukutchulidwa kawirikawiri pakati pa zimene zinaiwononga.

Chifukwa chake mwezi ndiwo umalamula

Ukali wa moto umadalira zinthu zitatu: kuchuluka kwa udzu, kuuma kwake, ndi mphepo. Mu Meyi ndi Juni udzu umakhala ukadali ndi chinyezi kunsi, usiku kumazizira, mame amagwa, ndipo moto woyatsidwa madzulo umayenda chokwawa, kusiya zigamba zosapsa, nuzima wokha pakati pa usiku. Pofika mu Okutobala tsekera, amene amapitirira msinkhu wa munthu, amakhala atauma gwa. Dzuwa limaswa mtengo. Mphepo imalimba, ndipo kamvuluvulu amanyamula zinyatsi zoyaka nkuziponya tsidya lina la msewu. Moto wotere malawi ake amafika ku nthambi, ndipo pokwera phiri umathamanga koposa, chifukwa umayamba waumitsa ndi kutenthetsa udzu umene uli patsogolo pake.

Nyengo yomweyo ndi imene mitengo ya miombo imakhala itatulutsa masamba ake atsopano ofiira, amene imaphukitsa mvula isanagwe pogwiritsa ntchito chakudya chimene inasunga m'mizu. Moto ukawaula masambawo, mtengo umayenera kutapanso m'nkhokwe yake kachiwiri, ndipo zikachitika zaka zotsatana umafooka ndi kufa. Mphukira zosafika mamita 2 zimapsa mpaka pansi. Muzu umakhala wamoyo ndipo umaphukanso, koma chaka chotsatira moto umaupezanso. Ndicho chifukwa chake m'masala ambiri a ku Kasungu muli zitsa zamoyo zimene zakhala zikuphuka kwa zaka zambiri osasanduka mitengo.

Nthaka nayo imalipira. Mapesi ndi udzu zikapsa, nayitulojeni ndi salufa zimathawira m'mlengalenga pamodzi ndi utsi, ndipo nayitulojeni yemweyo ndi amene mlimi amakagula pa mtengo wokwera m'thumba la feteleza. Phulusa limasunga potaziyamu ndi kashiamu, nchifukwa chake mbewu imaoneka yobiriwira pamene panali mulu wa zinyalala, ndipo mlimi sanama akamanena zimenezi. Koma phindulo ndi la kanthawi, pamene chonde chimene chikanabwera ndi kuwola kwa zinyalalazo chatayika. Dothi la mchenga la pa chidikhachi likakhala pambalambanda, mvula yoyamba imalimenya mwachindunji, madzi amathamanga pamwamba m'malo molowa pansi, ndipo amakokolola nthaka kupita nayo ku Bua ndi ku Dwangwa. Sitinganene kuti moto ndiwo unadzetsa kusefukira kwa madzi kumene kunasowetsa anthu pokhala ku Dwangwa mu Febuluwale 2024, kapena kugumuka kwa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pakuti mvula ya masiku amenewo inali yoposa muyeso; koma nzodziwika kuti mtunda wovula umatumiza madzi kunsi mofulumira, ndipo moto wa chaka ndi chaka uli m'gulu la zimene zimauvula.

Maganizo atatu, ndi phunziro la ku South America

Oyamba ndi amene amati moto uletsedwe. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo alangizi a ulimi wa mtayakhasu amaphunzitsa kuti mapesi aziphimbira nthaka. Pa munda, pa nkhalango yodzala ya paini kapena bulugamu, ndi pa mitengo yosapirira moto monga mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene unatsala pang'ono kutheratu, awa akunena zoona ndipo palibe chowatsutsira.

Achiwiri ndi amene amati m'miombo ndi m'madambo moto sungapeweke, ndipo chanzeru ndi kuuyatsa msanga, usanakule mano. Umboni wawo suli ku Ndola kokha. Simon Munthali ndi mnzake Mughogho, pofufuza mu Kasungu National Park za uchi ndi matondo amene anthu oyandikana ndi pakiyo analoledwa kukatola, anafalitsa mu 1992 kuti matondo ankachuluka kumene kunatenthedwa mofulumira, ndipo ankachepa kwambiri kumene kunapsa mochedwa. Dziko la Brazil lili ndi tchire lotchedwa Cerrado, lofanana ndi miombo yathu pa udzu ndi pa chilimwe chake; kwa zaka zambiri boma linkaletsa moto uliwonse m'malo otetezedwa, udzu nuunjikana, ndipo moto ukabuka kumapeto kwa chilimwe unkapsereza malo aakulu nthawi imodzi. Kuyambira mu 2014 anayamba kutentha mofulumira mogwirizana ndi eni dera, ndipo mu 2024 njirayi inalowa m'lamulo la dziko lonse.

Achitatu ndi amene amati moto ndi khasu la mmphawi, ndipo womuletsa kutentha ayenera kumusonyeza china chimene chingagwire ntchito yomweyo. Dandaulo lawo ndi lomveka. Koma dziko la Bolivia likuonetsa kumene njirayi imathera ikasowa malire. Kumeneko moto wotsegulira minda ndi malo odyetsera ng'ombe, utakumana ndi chilala, unapsereza mahekitala oposa 10 miliyoni mu 2024, dera loposa mtunda wonse wa Malawi. Ku Chile, kumene anadzala paini ndi bulugamu pa malo aakulu, moto wa mu 2017 unatentha mahekitala oposa 500,000 ndi kufafaniza tauni ya Santa Olga, ndipo wa mu Febuluwale 2024 unalowa m'makomo a ku Viña del Mar nupha anthu oposa 130. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: ifenso tikudzala mitengo ya mitundu yomweyo pafupi ndi nyumba za udzu, ndipo chilala cha El Niño, chimene chinachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi mu Malichi 2024, chinationetsa mmene chilimwe chingatalikire.

Zodziwika ndi zimene akatswiri akutsutsanabe

Palibenso wotsutsa kuti moto wochedwa wa chaka ndi chaka umapha miombo, kuti kutentha zotsalira m'munda kumataya chonde, ndi kuti kuletsa moto popanda kuchotsa udzu kumangokonzera moto waukulu. Mkangano uli pa zina. Ena amati ngakhale moto wofulumira usabwere chaka chilichonse, koma pakapita zaka 2 kapena 3. Ena amati tsala limene likuphukira liyenera kutchinjirizidwa kotheratu kufikira mphukira zitapitirira malawi. Ku Australia, m'dera la Arnhem Land, eni nthaka akhala akulandira ndalama kuyambira mu 2006 chifukwa chochepetsa utsi potentha mofulumira. Koma ofufuza sanagwirizanebe ngati kutentha kotereku kungachepetse mpweya woipa pa mlingo womwewo m'miombo, kumene udzu wa chinyezi umafuka mosiyana. Pa za chindapusa napo pali kusamvana, popeza woyatsa moto kawirikawiri sagwidwa, ndipo chilango chimene sichipeza wolakwa sichiopsa munthu.

Zimene mudzi ndi esiteti angachite

Choyamba chimene chikusowa ndi mwini nyengo. Mafumu a kwa Njombwa, pamodzi ndi makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, alangizi a nkhalango ndi eni maesiteti, akhoza kugwirizana mu Epulo, mvula ikamatha, kuti malo ati sadzapsa konse, ati adzatenthedwa mofulumira, ndipo tsiku lake ndi liti. Vuto lenileni pa ndondomekoyi ndi udzu wofolera, umene umakhwima pa nyengo yomweyo imene moto wofulumira umafunika. Choncho madambo omwetako udzu azunguliridwe ndi njira yolambula, amayi ndi omanga zigafa apatsidwe masabata awo, ndipo chotsalacho chitenthedwe pambuyo pake. Kutenthako kukhale kwa madzulo, mphepo itachepa, kuyambira pa njira yolambulayo kuti moto uyende molimbana ndi mphepo, anthu ali chire ndi nthambi zaziwisi m'manja. Pakuti mutu umodzi susenza denga.

Za mlandu, chilamulo cha Mose m'buku la Eksodo chinagamula kale kuti woyatsa moto umene wapsereza za mnzake abwezere, ndipo bwalo la mfumu likhoza kutsata zomwezo, chifukwa kumudzi woyatsa amadziwika ngakhale pamene wapolisi sangamupeze. Mwini esiteti alambule malire ake, ndipo matenanti amene agwira ntchitoyo alipidwe padera, isawerengedwe ngati thangata. Anyamata a mbewa asangoopsezedwa, koma apatsidwe nyengo ndi malo osakako, mwini munda ali pomwepo, pakuti mlimi amene wayala mapesi ake nawaona atapsa sadzayalanso chaka chamawa.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, ndipo pa masiku amenewo mbande zambiri zimalowa m'nthaka, atsogoleri atagwira makasu. Koma mbande imene sinapaliridwe pofika mu Juni imakhala pakati pa udzu wouma, ndipo zambiri zotere sizifika mu Novembala. Wodzala mtengo alembe pa ndondomeko yake ntchito yopalira kuzungulira tsinde ndi kulambula malire a munda wa mitengowo kwa zaka 3 zoyambirira, ndipo ndalama za ntchito imeneyi zipatulidwe pamodzi ndi zogulira mbande.